Chaka Chimene Ndinakhwima ku Chibavi

Saluni yanga ku Chibavi ndi kachipinda kamodzi kokhala ndi mipando iwiri, benchi la odikira, ndi kalilole wamkulu amene anang'aluka pakona tsiku limene ndinkamulowetsa. Ndinaitsegula titangobwera ku Mzuzu kuchokera ku Dedza, amuna anga atasamutsidwa pa ntchito yawo ya m'boma. Ndinafika ndisakudziwa munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo Chitumbuka changa chinali "yewo" basi. Mitu ya amayi a ku Chibavi ndi imene inandipatsa chakudya, anzanga ndi dzina. Munthu akakupatsa mutu wake n'kukhala chete theka la tsiku uku iwe uli kumbuyo kwake ndi chipeso, ndiye kuti wakukhulupirira, ndipo ine ndinkanyadira kwambiri zimenezo.

Kasitomala wanga woyamba anali mayi wina wogulitsa kaunjika mumsika waukulu, wamtali, wa mawu omveka kutsidya la msewu. Ndiye anandiphunzitsa kupereka moni wa kuno, kundiseka ndikalakwitsa, ndi kundikokera anzake onse a kumsika. Ndiyenso anandilowetsa m'gulu la banki m'khonde la m'dera lathu, mmene iye anali msungichuma. Ndinkamutenga ngati mkulu wanga wobadwa naye.

Kwa zaka zingapo ndinkasunga ndalama zanga m'gulumo, ndipo ndinali ndi cholinga chimodzi: kugula sola. Magetsi akazima mayi ali m'kati mwa dulaya, tsitsi lili lonyowa, kunja kuli chisanu cha Mzuzu, amakuyang'ana ngati ndiwe wazimitsa. Koma chaka china zinthu zinavuta. Anzathu ena anakongola n'kulephera kubweza, pogawana tinalandira zoperewera, kwacha nayo n'kugwa. Nditapita m'tauni kukafunsa mtengo wa sola ndinabwerako ndili kakasi. Chaka chonse ndinkadzimana, koma mtengo unali utandisiya kutali kuposa pamene ndinayambira.

Ndinadandaulira kasitomala wina amene amagwira ntchito yowerengera ndalama mu ofesi ina ya boma. Iye anandifunsa akuyang'ana foni yake.

"Bwanji osabwereketsako boma?"

"Boma? Likongole kwa ine?"

"Limakongola kwa anthu wamba, mayi. Mumapita ku banki, mumaika ndalama zanu kwa nthawi imene mwagwirizana, nthawi ikatha limabweza ndi chiwongoladzanja."

"Ngati boma likufuna kukongola libwere likhale pampando apa ndiliike meshi," ndinatero, ndipo onse a pa benchi anafa ndi phwete.

Ndinaseka, koma mawuwo anandikhala. Madzulo ndinawauza amuna anga. Iwo anavula magalasi n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Mayi, boma ndimalidziwa ine, ndi bwana wanga. Silithamanga. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno."

Ine ndine munthu woti ukandiletsa chinthu ndi mwambi, m'pamene ndimachifuna kwambiri. M'mawa mwake ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita m'tauni.

Ku banki ndinakumana ndi mtsikana waulemu amene anayamba kundifotokozera m'Chingerezi chothamanga ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Ndinamudula. Ndinamuuza kuti ndalamazo ndinazipeza m'Chichewa, choncho andiuze m'Chichewa. Anaseka, n'kuyamba pang'onopang'ono, akusakaniza ndi Chitumbuka chake. Ndinamufunsa zonse zimene zinkandidya mumtima. Ndikazifuna mawa bwanji? Anati ndikhoza kuzitulutsa koma nditaya gawo la phindu. Msonkho ulipo? Anati ulipo, amadula pa chiwongoladzanjacho. Nanga mitengo ya zinthu ikakwera kuposa phindulo? Anati zimenezo zimachitika, ndipo sangandinamize kuti ndidzalemera, koma ndalama yogona m'chikwama imaguga msanga kuposa imene ikugwira ntchito. Yankho limenelo ndi limene linandigula, chifukwa wakuba salankhula choncho.

Kenako anafuna kundiuza za tsiku limene nthawi ya ngongoleyo imatha. Mawu ake a Chingerezi anali nawo, koma a Chichewa anamusowa. Anayang'ana kudenga, akugogoda tebulo ndi cholembera.

"Tingoti tsiku limene ndalama zanu zidzakhwime," anatero.

Ndinaona kuti ndi mawu abwino. Chimanga chimakhwima, nthochi zimakhwima, ndalama zingalephere bwanji? Ndinaika theka la zimene ndinali nazo, theka lina ndinalisiyira banki m'khonde ndi katundu wa mu saluni.

Gulu litayambiranso chaka chatsopano, msungichuma anaona kuti masheya anga achepa. Sanandifunse pagulu. Anadikira tsiku limene anabwera kudzalukitsa, tili awiriwiri.

"Sono amama, ndalama zinyake mwaika kuti?"

Sindinafune kutchula boma. Kunyumba anali atandiseka kale, ndipo ndinkadziwa kuti mayi ameneyu akayamba kukuseka msika wonse umamva. Ndinangoyankha mozungulira.

"Ndinakazisiya m'tauni. Ndikudikira zikhwime."

Ndinamva khosi lake likuuma m'manja mwanga. Ndinayesa ndamukoka tsitsi, ndinapepesa.

"Zikhwime?"

"Eya. Anandiuza kuti ndisazikhudze mpaka nthawi yake itakwana. Zimachuluka zokha, ine ndili m'tulo."

"Nadi? Nanga iwowo anafuna vichi?"

"Zochepa. Chithunzi changa, ndi dzina la wachibale wapafupi."



"Mwapereka zina la njani?"

"La amuna anga. Nanga ndikanapereka la ndani?"

Ndinamaliza kumuluka. Atalipira anawerama n'kutola tsitsi lake lonse pansi, anachotsanso lotsalira m'chipeso, n'kuliika mu jumbo. Sindinadabwe, amayi ena amatero ndithu mwa chizolowezi cha kwawo. Ndinangoti mwina wayamba kupita ku tchalitchi china.

Sabata yotsatira wina anachita chimodzimodzi, kenako winanso. Mwezi usanathe benchi linayamba kukhala lopanda munthu ngakhale Loweruka, tsiku limene kale ndinkadya nkhomaliro nditaimirira. Amayi amene ndinawaluka kuyambira ali atsikana ankadutsa pakhomo atavala duku, akuyenda mofulumira ngati aiwala mphika pamoto. Ndinatsitsa mitengo, sizinathandize. Ndinkakhala ndekha kupukuta kalilole woyera kale, ndikudzifunsa kuti manja anga alakwa chiyani. Ndinkadandaula za lendi ya kachipindako, koma chimene chinkandipweteka kwenikweni chinali kusowa kwa phokoso lija la amayi.

Nthawi yozizira itafika amuna anga anadwala malungo. Sanali malungo oopsa, analandira mankhwala ku chipatala n'kugona kunyumba. Koma anthu amene anabwera kudzawaona! Amayi a m'gulu ankalowa awiriawiri, ena ndi nthochi, ena ndi mkaka, n'kukhala pamphasa akuwayang'ana ndi maso a pamaliro. Ine akandipatsa moni ankayang'ana kumbali. Wina potuluka anawagwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Adada, pempherani chomene." Bambowo anasangalala. "Mayi, anthu a kuno ndi achikondi," anatero akusenda nthochi. "Ku Dedza ndinadwalapo kangati, ndani anandibweretsera mkaka?"

Amene anandiuza zoona anali mnansi wanga wa golosale yoyandikana ndi saluni, mayi wa Chisilamu wochokera ku Machinga, wosachedwa ndi miseche. Tsiku lina masana analowa, anatseka chitseko, n'kukhala pa benchi.

"Achemwali, inu mukudziwa zimene anthu akunena?"

"Akunena chiyani?"

"Akuti munakhwima. Akuti munapita kwa sing'anga m'tauni kukatenga mankhwala a chuma, anakupatsani malamulo oti musakhudze ndalama mpaka nthawi yake, ndipo munapereka amuna anu. Akuti tsitsi la makasitomala ndi limene mumakapereka kuti mankhwalawo agwire."

Poyamba ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako ndinakumbukira mawu anga onse aja limodzilimodzi, chithunzi, dzina la wachibale, kuchuluka ndili m'tulo, ndipo kuseka kunathera m'misozi. Misozi itauma ndinapsa mtima koopsa. Zaka zonsezi ndikuwatsuka m'mutu, ndikuwasungira zinsinsi za m'mabanja awo, ndikuwaluka pa ngongole mwana akadwala, lero ine ndikhale mfiti chifukwa cha mawu amodzi? Ndinatenga chikwama n'kunena kuti ndikupita ku banki pompano, ndikatulutse ndalama zonse, ndikaziwaze pakhonde la msungichuma aziwerenge yekha.

Mnansiyo anandigwira mkono.

"Khalani pansi. Mukazitulutsa lero adzati mwaopa, mwakabweza mankhwala kwa mwini wake. Phindu mutaya, dzina silibwerera. Ine chipembedzo changa sichilola chiwongoladzanja, ndalama zanga zimagona mu shuga ndi sopo, choncho sindingakutsatireni kumeneko. Koma ndikudziwa kuti ufiti palibe. Anzanuwa sanamvepo kuti munthu wamba angabwereketse boma. Munawauza inu?"

Sindinawauze. Ndinakhala pansi.

Madzulo amuna anga atamva nkhaniyi anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ine ndine nsembe? Mkaka uja unali wonditsanzikira?" Koma ataona nkhope yanga anasiya. Anandifunsa tsiku limene gulu limakumana, ndipo Lamulungu masana anavala jekete lawo la ku ofesi n'kundiperekeza, munthu yemwe uja amene ankati fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Gulu linkakumana pakhonde la msungichuma. Titafika, nkhani zonse zinaduka. Amuna anga anapereka moni, anazungulira kamodzi pabwalo manja ali m'mwamba kuti aliyense awaone kuti ali bwino, n'kukakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mapeyala. Ine sindinakhale pansi, ngakhale kuti mwambo wa gulu umati wolankhula akhale.

"Amayi, ndamva kuti ndinakhwima," ndinatero. "Ndabwera kuti mundione bwino. Mfiti yanji imene imachita lendi kachipinda kodontha? Ndalama zanga ndinabwereketsa boma kudzera ku banki. Nthawi ya ngongoleyo ikatha amati ndalama zakhwima. Chimanga chikakhwima m'munda, mumati mwini munda ndi mfiti?"

Ndinapitiriza mwaukali. Ndinawauza kuti zimene ndachita ndi zomwezo timachita pakhonde pomwepa. Timasonkha, wina amakongola, amabweza ndi kena pamwamba, ndipo palibe amene amaloledwa kutenga zake chaka chisanathe. Kusiyana kwake n'kwakuti wokongolayo si mayi wa tomato koma boma, limene limafuna ndalama zoyendetsera ntchito zake pamene misonkho isanakwane.

Mayi wina wachikulire, wogulitsa makala, anakweza dzanja.

"Para boma lakana kuwezga?"

"Likakana kubweza ndidzalira, amama. Ndi chifukwa chake sindinaike zonse. Koma muno namo tinalira chaka chatha, ndipo amene anatiliza tikukhala nawo."

Ena anayang'ana pansi. Wina kumbuyo anafunsa motsitsa mawu za dzina la wachibale.

"Ndikafa ine mawa, ndalamazo adzapatse ndani? Inu polowa m'gulu lino simunapereke dzina la wodzalandira zanu? Amama, inu munapereka la ndani?"

"La mwana wane," anayankha mayi wa makala uja.

"Ndiye munamupereka nsembe?"

Mayiyo anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wadzigwira yekha, ndipo awiri atatu anamutsatira. Msungichuma sanaseke. Anakhala akuyang'ana bokosi la ndalama pamiyendo pake, nkhope ili gwa. Ndinamaliza ndi kunena kuti tsiku la kukhwimako likafika, aliyense wofuna adzapite nane akaone yekha sing'anga wanga.

Ndikanakonda kunena kuti m'mawa mwake benchi linadzaza, koma mbiri yoipa sichoka ndi msonkhano umodzi. Miyezi yotsatira inali yowawa. Mnansi wanga ankanditumizira ana ake aakazi ndi abale ake a ku mzikiti, mayi wa makala anabwera kudzatsukitsa m'mutu ngakhale analibe tsitsi loti n'kutsuka, ndipo lendi ndinkalipira mochita kupempha mwini nyumba kuti andidikire. Kangapo ndinaganiza zogulitsa mipando n'kuyamba kuphika mandasi. Chimene chinandigwira chinali liuma langa lomwe lija, ndi amuna anga amene anayamba kudutsira pa saluni poweruka n'kukhala pakhomo akupereka moni kwa aliyense, onenepa bwino.

Tsikulo litafika, amayi awiri anapita nane: wa makala, ndi wina wosoka zovala. Ku banki anangolowa mwamantha, atagwira zikwama pachifuwa. Koma atamva mtsikana uja akuwayankha m'Chitumbuka, anamasuka n'kumufunsa mafunso ambiri kuposa amene ndinafunsa ine. Ndalama yochepetsetsa yoyambira ndi zingati? Gulu lingathe kuika pamodzi? Munthu wosadziwa kulemba amatani? Anthu a pamzere anayamba kung'ung'udza, amayiwo osawalabadira.

Ndalama zanga zinabwera ndi phindu lake, msonkho atadula. Wosoka zovala anafunsa kuti phindulo ndi zingati, ndipo nditamuuza anaomba m'manja kamodzi.

"Kukhwima kwake n'kumeneku? Mfiti itapeza zochepa chonchi ingakabweze mankhwala!"

Ananena zoona. Sindinalemere, ndipo mitengo nayo inali itakwera pamene ndinkadikira. Koma ndalama yanga inali isanagugire m'chikwama, palibe amene anathawa nayo, ndipo nditaphatikiza ndi zimene ndinakongola ku banki m'khonde ndinagula sola yaing'ono, yokwanira nyale ndi makina ometera. Dulaya inadikirabe. Zotsala ndinazibweza komweko kuti zikhwimenso.

Amayi awiriwo anagwira ntchito imene ine sindikanatha. Pofika Loweruka msika wonse unali utamva kuti sing'anga wa mayi wa saluni ndi kamtsikana kovala yunifolomu, kochokera kufupi komweku, ndipo kamayankha mafunso osalipiritsa. Makasitomala anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ena mwamanyazi, ena ngati sikunachitike kanthu. Ali pampando ankandifunsa motsitsa mawu kuti amayamba bwanji. Ndinkawauza zomwe ndikudziwa, ndi zomwe sindikudziwa ndinkati akafunse okha, ndipo nthawi zonse ndinkawachenjeza kuti asaike ndalama ya chakudya kapena ya fizi ya mwezi uno. Ena anapita, ena anati n'zochedwa, bola kuoda katundu. Ine sindinakakamize munthu. Mawu aja anasanduka nthabwala ya mu saluni, moti mayi akalowa atavala chitenje chatsopano anzake ankamufunsa kuti wakhwima liti.

Mmodzi yekha sanabwerere. Msungichuma ankakalukitsa ku Ching'ambo, kulipira kabaza kupita ndi kubwera, kusiya saluni ili pakhomo pake. Pagulu ankalandira ndalama zanga osandiyang'ana kumaso. Ndinkadziuza kuti zilibe kanthu, makasitomala ndili nawo, koma linali bodza. Zinkandiwawa tsiku lililonse, chifukwa dzina langa linaipira pakamwa pake, ndipo ndinkaona kuti silinayere kwenikweni iye asanandikhulupirirenso. Ndinali wokwiya moti sindikanapita kwa iye, komanso ndinkamusowa moti ndikamva mawu ake pamsewu ndinkasuzumira pawindo.

Chaka chikupita kumapeto ndinamva kuti mwana wake wamkazi akukwatiwa. Khadi silinandifike, ndipo sindinayembekezere. Loweruka la ukwatiwo ndinapita kukatsegula saluni m'mamawa, kuli chifunga, ndipo ndinapeza anthu awiri ataima pakhomo. Anali msungichuma, atafunda chitenje paphewa, ndi mwana wakeyo atanyamula jumbo ya meshi ndi nsalu yoyera ya kumutu.

"Mwawuka uli, amama," anatero.

"Tawuka makora, kwali imwe."

Ndinadikira. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'miyezi yonseyo, akuthwa bwino, oti ndidzamuuze tsiku limene adzabwere. Iye anayang'ana loko wa pachitseko, anayang'ana mapazi ake, kenako anamukankha mwana pang'ono kumsana.

"Mwana ndi uyu. Ku tchalitchi akufunika isanakwane teni."

"Ku Ching'ambo atseka?" ndinafunsa. Limenelo lokha ndi limene linatuluka.

"Sanatseke yayi," anayankha. "Koma mutu wa mkwatibwi sapatsa munthu wamba."

Ndinatsegula chitseko. Mtsikanayo anakhala pampando, ine ndinamuveka nsalu pakhosi. Ndinakokera benchi pafupi kuti mayi ake akhale aziona zonse zimene ndikuchita, monga amachitira amayi a akwatibwi onse. Iye anapukusa mutu.

"Ine nkhuluta ku mapoto, anthu akundidikira. Mukamaliza mubwere naye, ndipo musinthe zovala. Mpando wanu uli kutsogolo."

Anatuluka n'kutseka chitseko, kundisiya ndekha ndi mwana wake. Ndinaima kumbuyo kwa mtsikanayo chipeso chili m'manja, maso osaona bwino. Iye anandiyang'ana pa kalilole.

"Anti, mukulira?"

"Ndi chifunga ichi," ndinatero. "Weramutsa mutu, tachedwa."